Ng'ombe Makumi Awiri M'khola Limodzi

9 Disembala

Ababa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achimwene, alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, zala zokha ndizo zatopa ndi kutayipa. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa galimoto ya mkaka monga mwa nthawi zonse, poti pa foni inu mumangoti "Ati?" mpaka batire kutha.

Khalani pansi muwerenge bwino, lero ndili ndi nkhani. Sabata ino pa desiki panga pafika bilu ya masamba makumi atatu. Bilu ndi lamulo limene likadali pa pepala, loti akuluakulu a m'nyumba ya malamulo muno akambirane. Iyi ndi yokhazikitsa komiti yoyang'anira ulimi wa ng'ombe. Komitiyo ndiyo izidzagamula za madibi, za mankhwala, za misika ndi za njira zopita kumadzi. Ndaitayipa ndi zala zangazi, ndipo nditafika pa ndime 14 ndinatsala pang'ono kukuwa mu ofesi. Ndimeyo ikuti mlimi aliyense amene adzapezeke ndi ng'ombe makumi awiri m'khola limodzi pa tsiku la kalembera adzakhala ndi mawu posankha komitiyo, ndipo mwiniwakenso akhoza kusankhidwa.

Inu muli nazo 23. Vuto ndi khalidwe lanu lomwazamwaza lija: 11 pakhomo, 8 kumapiri kwa amalume, 4 kudambo kwa Aphunzitsi. Olemba akabwera adzapeza 11 zokha n'kukudutsani. Kalembera ndi wa pa 20 Januwale. Zisonkhanitseni zonse pakhomo. Ndi nkhani ya masabata awiri basi, zikalembedwa zibwerere kwawo.

Ababa, dibi lathu lakhala louma zaka zitatu, mpaka mwamera mtengo. Mwalemba makalata angati osayankhidwa? Uwu ndi mwayi woti mukawauze pamaso. Ndakutumizirani jekete yakuda kuti mudzavale tsikulo. Achimwene asaibwereke.

Ndine mwana wanu.

18 Disembala

Mwana wanga,

Kalata yako yandipeza ndili moyo. Mwendo ukadali wanga, ukupweteka monga kale. Jekete yafika. Manja ake anatalika, koma mlamu wako wapinda.

Za ng'ombe ndawerenga katatu. Iwe ukuti ndi khalidwe lomwazamwaza. Tamvera ndikuuze, poti unachoka pakhomo usanafunse. Ng'ombe ndimazigawa makola atatu kuti matenda akalowa limodzi, awiri atsale. Za kumapiri sizidziwa nkhupakupa, kumeneko n'kozizira. Za kudambo zinabadwira m'nkhupakupa, zimayenda nazo m'makutu osadwala. Za pakhomo ndimazithothola ndekha chiumire dibi. Kuziphatikiza zonsezi nyengo ya mvula ino si chinthu chimene munthu wodziwa ng'ombe angachite ali ndi mtima m'malo.

Mlongo wako wakanitsitsa. Akuti mapepala a kumeneko amasintha kuposa mitambo. Koma ine ndati iwe uli komweko, ukuona ndi maso, ife timangomva pa wailesi. Sindinakutumize kusukulu kuti ndizikutsutsa. Komanso ndatopa kuyang'ana dibi louma. Ndikufuna ndisanafe ndikaime pamaso pa anthu amenewo ndiwafunse ngati anayamba athotholapo nkhupakupa m'khutu mwa nkhunzi.

Ndiye tikulitsa khola. Masabata awiri tingathe kupirira, tizithothola m'mawa ndi madzulo.

Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Pa pepala lakolo pakasintha kanthu, ngakhale kakang'ono bwanji, undilembere tsiku lomwelo. Usachedwe ngakhale tsiku limodzi. Ine kuno ndiziyenda ndi maso ako.

Ndine bambo wako.

12 Januwale

Akalaliki,

Moni kumeneko kumipando yozungulira. Ife kuno kumatope tilipo. Ana akupereka moni, akufunsa ngati azakhali awo asanduka nduna.

Malamulo anu tawatsata, bwana. Ndayenda masiku awiri kutsika nazo za kumapiri, mvula ili pamsana. Amalume anandiperekeza mpaka pamlatho. Potsanzikana anangoti, "Mukuzipititsa kukafa, koma poti ndi zanu." Aphunzitsi anabweretsa okha zinayi zawo, makutu a ng'ombezo atadzaza nkhupakupa, iwo akuseka kuti, "Alendo anu ndi awa, abwera ndi katundu."

Tsiku loyamba nkhunzi yathu Sajeni inamenyana ndi mfule ya kumapiri mpaka kugumula mpanda umene ndinamanga sabata yathunthu. Ndinamanganso. Chipumi, ng'ombe ya malemu amayi ija, yatsika nazo. Ili ndi bere lalikulu. Itafika pachipata inaima n'kununkhiza pamene amayi ankaikamira, ndipo ababa anatembenuka msanga n'kunamizira kuti akufuna chingwe.

Ntchito yathu tsopano ndi imodzi. Kukacha, ine ndi mlamu wako ndi ababa tilowe m'khola ndi chitini cha palafini, tigwire khutu lililonse. Makutu makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, Akalaliki, ndawawerenga. Tikamaliza lomaliza, loyamba ladzazanso.

Koma bambo ako ukanawaona. Madzulo aliwonse avala jekete, aima pachipata cha khola, n'kuyamba: "A wapampando, ndi ulemu wonse." Ng'ombe zili duu kuwayang'ana. Dzulo Sajeni anawayankha, iwo n'kuti, "Khala pansi, sindinamalize." Sindinawaonepo akuseka chonchi chimwalirire amayi. Pa chimenechi chokha ndikuthokoze.

Atsala masiku asanu ndi atatu. Anthu akowo asachedwe.

Mlongo wako.

24 Januwale

Ababa ndi achimwene,

Moni nonse. Pepani kuti munadikira pachabe pa 20. Nanenso ndinamva mochedwa. Kalembera amusunthira pa 15 Febuluwale chifukwa mafomu sanasindikizidwe. Bilu nayo aipereka kwa kagulu ka anthu asanu kuti kaiunikenso, koma abwana anga akuti zimenezo n'zamwambo chabe, palibe chimene chisinthe.

Musazibweze. Masiku awiri kupita, awiri kubwera, Chipumi ali ndi bere, mungazitopetse pachabe. Pirirani masabata atatu okha. Achimwene, lekani kundinyoza, tsiku lina mudzanyamula chikwama cha ababa popita kumsonkhano.

Ndilembereni mmene zilili.

Ndine mwana wanu.

19 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni. Lero ndilibe nthabwala.

Pa 15 ababa anavala jekete dzuwa lisanakwere, natulutsa mipando itatu pansi pa mtengo wa pachipata. Mlamu wako anasesa bwalo lonse. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankaimirira n'kukonza kolala. Dzuwa linalowa ali pompo. Sikunabwere munthu, ngakhale uthenga.

M'mawa mwake ndinapeza Nkhungu, msoti wa kumapiri uja, ataima payekha mutu uli pansi. Nditagwira kunsi kwa khutu ndinapeza mwanabere ngati dzira. Thupi linali moto, maso akutuluka misozi. Usiku wathawu wafa, thovu lili m'mphuno. Lero ziwiri zina za kumapiri zakana udzu.

Ine ndati tizibweze mawa lomwe, zimene zikadali zamphamvu. Ababa akana. Akuti, "Mwana wanga ndinamuuza kuti pakasintha kanthu alembe. Sanalembe, ndiye kuti palibe chasintha. Tikazichotsa lero olemba n'kubwera mawa, Nkhungu adzakhala atafera chiyani?" Takangana mpaka ana kuthawira kuseri kwa nyumba. Sindinayambe ndakwezerapo mawu bambo anga, koma lero ndawakwezera chifukwa cha pepala lako.

Sindikufuna masamba makumi atatu. Ndiyankhe mawu amodzi. Tizibweze kapena tisazibweze? Dalaivala abwerera Lachisanu, umupatse yankho m'manja. Ngati kumeneko kumapezeka mankhwala a jakisoni a matenda a nkhupakupa, tumiza. Kuno m'sitolo mulibe.

Mlongo wako.

14 Malichi

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Dalaivala wabwera Lachisanu katatu chimanjamanja. Ndamufunsa ngati kalata yanga anaitaya. Walumbira kuti anakupatsa m'manja pachipata cha ofesi yanu, ndipo unaiika m'chikwama osatsegula, n'kumuuza kuti uli ndi changu. Changu cha chiyani? Wapeza mwamuna? Kapena kalata yonunkha ndowe ikuchititsa manyazi pamaso pa anzako ovala mafuta onunkhira?

Poti ulibe nthawi yofunsa, ndikuuza ndekha. Zafa zisanu ndi zinayi. Za kumapiri zatsala ziwiri, Chipumi ndi Kaphiri. Matenda alowanso za pakhomo. Sajeni wafa Lamlungu. Nkhunzi imene inkagumula mpanda ija inagona m'matope n'kumapuma ngati munthu wokwera phiri, masiku atatu. Tinalephera kuikoka, tinakumba pomwepo.

Alangizi a ziweto anabwera pa njinga pa 8. Anagwira khutu limodzi lokha n'kunena kuti ndi chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa. Anafunsa kuti, "Ndani anakuuzani kuphatikiza za kumapiri ndi za kudambo nyengo ino? Inu madala, amene mumaphunzitsa anzanu?" Ababa anayankha kuti, "Ndine ndekha." Dzina lako silinatuluke pakamwa pawo. Mankhwala alangiziwo analibe. Chimene anatisiyira ndi chiletso: ng'ombe iliyonse ya dera lino isatuluke kupita kwina. Ndiye ngakhale utalemba lero kuti tizibweze, njira yatsekedwa.

Manja anga atupa ndi khasu. Kuseri kwa khola kulibenso malo okumba. Anansi asiya kudutsa njira ya pakhomo pathu ndi ng'ombe zawo, ndipo sindikuwadzudzula.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ababa akukuikirabe kumbuyo. Akuti ukugwira ntchito yaikulu, mwina abwana sakukupatsa mpata. Akamva galimoto ya mkaka amapita okha kumsewu ndi mwendo wawo uja, n'kubwerera pang'onopang'ono. Jekete aikoloweka kuseri kwa chitseko, aiphimba ndi pepala kuti isagwe fumbi.

Ngati uli moyo, lemba.

Mlongo wako.

25 Malichi

Achimwene,

Ndili moyo. Moni sindikudziwa kuti ndimuyambe bwanji. Kalatayi ndi yanu nokha.

Ndilibe mwamuna, ndipo ndowe sizinandichititsepo manyazi. Ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Werengani mpaka kumapeto, kenako munditukwane.

Pa 6 Febuluwale bilu ija inabwerera pa desiki panga kuchokera ku kagulu kaja. Dzulo lake kunabwera eni mafamu akuluakulu, magalimoto awo anadzaza bwalo. Anakhala m'chipinda cha pamwamba kuyambira m'mawa, ndipo tiyi wawo ndinakawapatsa ndine. Nditatsegula pa ndime 14 ndinapeza "makumi awiri" atakhwatcha ndi cholembera chofiira, pamwamba pake atalemba "zana limodzi." Abwana anati, "Tayipa msanga, ikufunika masana." Ndinatayipa, achimwene. Zala zomwezi.

Madzulo ake ndinalemba kalata kwa ababa. Ndinaing'amba. Ndinakumbukira zimene munandilembera, kuti amavala jekete n'kumalankhula kwa ng'ombe, kuti akusekanso. Ndinalephera. Kuno kuli mkulu wina wa m'nyumbayi amene ananena pakhonde kuti adzatsutsa kusinthako, ndiye ndinadziuza kuti ndidikire sabata imodzi, mwina abwezera makumi awiri, ababa sadzadziwa n'komwe. Sabatayo inatha, ndinadikiranso ina. Mkuluyo tsiku lokambirana sanabwere.

Kalata yanu ya pa 19 ndinayenda nayo m'chikwama masiku asanu ndi limodzi osatsegula, chifukwa ndinkadziwa funso lake. Nditaitsegula ndinaona kuti Nkhungu wafa kale, ndipo ndinati ndikalemba tsopano mudzafunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinakhalanso chete.

Ndawerenga pa kalendala ya mu ofesi. Kuyambira pa 6 Febuluwale mpaka pa 8 Malichi pamene njira inatsekedwa ndi masiku makumi atatu. Pa 6 paja panalibe ngakhale imodzi yodwala. Mawu amodzi okha, Chipumi akanakhala kumapiri.

Bilu nayo aiimitsa mpaka nyumba idzakumanenso chaka chamawa. Koma kalembera akuti achitikabe, poti mafomu anasindikizidwa kale.

Ndapeza mabotolo awiri a mankhwala, ali m'katoni. Bayani Chipumi poyamba. Ababa musawauze kaye, ndikupemphani. Ndipatseni nthawi ndipeze mawu. Chakudya sichikulowa, mpaka abwana andifunsa ngati ndikudwala.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundiwerengabe.

2 Epulo

Mlongo wanga,

Sindinawauze. Awerenga okha. Galimoto itafika ine ndinali kuseri ndi khasu, iwo anali kumsewu monga mwa masiku onse. Ataona dzanja lako pa envelopu sanayang'ane kuti yalembedwa kwa yani.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wa pachipata, kalata ili pabondo. Anandipatsa, natenga chitini cha palafini n'kulowa m'khola. Mpaka lero sanatchule za iwe, zabwino kapena zoipa. Ine ndikanakonda akanakalipa.

Amene ndinkakumbira tsiku limenelo ndi Chipumi. Anafa dzulo lake, mwana ali m'mimba. Mankhwala ako tabaya zina, koma anafika matenda atalowa kale m'mapapo.

Kukutukwana ndilibe mphamvu. Usabwere kaye.

Mlongo wako.

10 Meyi

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ndipo wayamba kudya. Ife tilipo. Mvula yatha. Mwendo uli chimodzimodzi.

Ndachedwa kukulembera chifukwa sindinafune kulemba ndi mkwiyo, komanso sindinafune kulemba bodza. Lero ndili ndi nkhani yoti ndikuuze. Olemba aja abwera dzulo.

Anali awiri, mwamuna ndi mkazi, pa galimoto yoyera. Ndinavala jekete yako, poti unaitumizira tsiku limeneli. Ndinawatsegulira chipata. Khola lija tinalikulitsa kuti mulowe makumi awiri ndi zitatu, ndiye anayang'ana uku ndi uku asanazione zili pakona. Zatsala zinayi, za kudambo zija zimene zinabwera ndi nkhupakupa. Zanenepa, zikudya ngati palibe chachitika. Sindizida. Sizinapemphe kubwera kuno.

Mkaziyo anawerenga ndi cholembera m'mwamba, nalemba. Sizinatenge nthawi yoti munthu amwe madzi. Ndinati, "Ndili ndi mawu pang'ono okhudza dibi." Ndinali nditawakonza miyezi inayi. Mwamunayo anayang'ana fomu yake kutsogolo ndi kumbuyo, nati, "Madala, pa fomu pano palibe malo a zimenezo. Mudzauze komiti ikadzakhalapo." Ndinafunsa kuti idzakhalapo liti. Anaseka mwaulemu n'kufunsa njira yopita kwa anansi.

Tsopano za iwe ndi ine. Kalata yako yoyamba sindikuimba nayo mlandu. Unalemba zimene unaona, ndipo amene anatsegula makola atatu ndine, munthu wodziwa nkhupakupa kuyambira ndili wamng'ono. Ndinafuna kuvala jekete pamaso pa anthu, ndipo ndinagulitsa nzeru zanga pa chifukwa chimenecho. Amalume ako ndakawapepesa. Imene ikundipweteka ndi kalata imene unaing'amba. Unaopa kundilanda chimwemwe. Mwana wanga, ine ndakwirira amayi ako. Ukanandiuza kuti pepala lasintha, ndikanatukwana tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kutenga ndodo kulowera kumapiri. Unandiyesa mwana woti sangamve mawu owawa, ndipo masiku makumi atatu ndinakhala ndikukuikira kumbuyo pamaso pa mlongo wako, ng'ombe zikugwa. Sindikudziwa ngati zimenezi zidzandichoka mumtima. Ndikanama ndikati zachoka.

Pa fomu panalibenso malo a mayina, ndiye ndikulembera iwe, poti zambiri unazisiya zisanabadwe ndipo umangozidziwa ngati 23. Sajeni, Chipumi, Mawanga, Nyangaimodzi, Phulusa, Mdima, Ulesi, Nkhungu, Mphezi, Dona, Mlendo, Lachisanu, Chimvula, Kaphiri, Masiye, Shuga, Mchirawoyera, Kamkaka, Bata. Mwana wa Chipumi sitinamutche dzina.

Mlongo wako akuti mwezi wamawa apita kukafuna ntchito ku famu ina yaikulu, ya anthu a zana limodzi aja. Sindinamuletse. Ng'ombe zinayi sizifuna amuna awiri. Mitengo ya khola latsopano tayamba kuzula, mlamu wako akuphikira.

Jekete ili m'katoni momwe munabwera mankhwala. Manja tawapindula mmene analili, mwina ungapeze wina woti imukwane.

Olembawo akuti mafomu onse amapita ku ofesi yanu kukatayipidwa. Ndiye yanga idzafika pa desiki pako. Palembedwa 4. Usawonjezere, usaing'ambe, usaiike m'chikwama. Itayipe tsiku lomwelo.

Ndine bambo wako.